Madzi Anafika Dzuwa Likuswa Mtengo

"Ndipatse jombo zangazo, mayi a Danai. Ndisachite kunena kachitatu."

Dorah sanasunthe. Anaima pakhomo la kuchipinda atakumbatira jombo za mwamuna wake. Seveni koloko inali isanakwane, koma malata a nyumba yawo ya ku Amaveni, m'tauni ya Kwekwe, anali atayamba kale kuthetheka ndi dzuwa.

"Werengani kaye uthengawu, bambo a Danai. Wafika pa foni ya aliyense. Akuti masabata akubwerawa kugwa mvula yoopsa, anthu achoke m'mitsinje ndi m'maenje."

"Akuti, akuti! Akutero ndani?" Gedion anamenya ntchafu yake. "Si omwewa anati chaka chatha mvula ikhala yambiri, iwe n'kukataya mbewu yonse m'munda wa mkulu wako Salome ku Lower Gweru? Unakolola chiyani? Mapesi okhaokha."

"Ndiye kusinthako kumeneko. Mlangizi uja anatiuza kutchalitchi kuti dziko likutentha, mvula sikudziwanso nthawi yake. Ikasowa imasoweratu. Ikabwera imakhuthula ya mwezi wonse tsiku limodzi."

"Dziko likutentha! Mu Juni muja chisanu chinapsereza matimati onse, iwe n'kukhala masabata atatu osapita kumsika. Tinkagona titavala majuzi. Kutenthako kunali kutapita kuti?"

Dorah anayesa kukumbukira. Mlangizi uja anafotokozapo za chisanu, koma mawu ake anali atamuthawa.

"A Praymore amayenda, amawerenga," anapitiriza Gedion. A Praymore anali mwini dzenje la golide mbali za Silobela, kumene Gedion ankakumba ndi anzake asanu. "Iwo akuti nkhani imeneyi ndi ya azungu. Iwo analemera kale ndi malasha, lero akufuna ife tisiye kukumba kuti makampani awo adzatenge golide yense. Ukuganiza kuti uthenga wakowo akuutumiza chifukwa chokonda korokoza, wokumba golide ndi manja ngati ine?"

"A Praymore amalowa m'dzenjemo?"

"Pakamwa pako, mkazi iwe!"

Pakhonde panamveka chifuwa, chija chouma chotenga nthawi. A Sandifolo, bambo ake a Gedion, analowa akugwira khoma. Anagwira ntchito pansi pa nthaka zaka makumi atatu, mumgodi wina umene unatsekedwa kalekale, ndipo chimene anachokako nacho chinali chifuwacho.

"Mwana wanga Dorah, mpatse jombo mwamuna wako."

"Bambo, nanunso? Si inu mumanena kuti kale mvula yoyamba inkagwa mu Okutobala? Lero ndi Disembala, kumwamba kuli mbee."

"Ndimanenadi. Koma za anthu ophunzirawo usandiuze." Anakhala pampando, napuma kaye. "Ife kumgodi kunkabwera dokotala wa jasi loyera. Ankatiika chitsulo pachifuwa, n'kunena kuti fumbi ili silipha munthu, madala, bwerera pansi. Analemba papepala, anadinda. Anzanga onse amene ankamva mawu amenewo ali kumanda. Lero ena a majasi oyera akuti dziko likutentha. Mwina n'zoona. Koma ine munthu wa pepala anandinamizapo kale, ndipo bodza lakelo ndikugona nalo m'chifuwa muno."

Dorah anaika jombo zija pansi. Gedion anavala mosayang'ana munthu, natuluka.

Masabata awiri otsatira dzuwa linachita ngati latsika. M'mipopi munkangotuluka mphepo. Magetsi ankabwera anthu atagona n'kuzima kusanache, ati chifukwa madzi a m'damu la magetsi la Kariba achepa. Kusukulu kwa Danai ana atatu anakomoka pamzere. Kumsika masamba a Dorah ankafota isanakwane teni koloko, ndipo amayi anzake ankamuseka akamuona akuyang'ana kumwamba.

"Mvula yako ija ili kuti, Mai Danai? Foni yako inanama."

Loweruka Gedion anabwera akumwetulira, atanyamula nkhuku yamoyo ndi thumba la ufa.

"Taupeza mwala, mudhara," anauza bambo ake akudya madzulo. "Mzere wa golide wonenepa ngati chala ichi. Ukulowera kumadzulo, pansi pa mtsinje penipeni."

A Sandifolo anasiya kutafuna.

"Pansi pa chiyani?"

"Pa mtsinje. Musaope, ndi mchenga wokhawokha. Papita zaka ziwiri osayenda madzi. Ngolo za abulu zimadutsa pomwepo."

"Denga mwachirikiza ndi mitengo yanji?"

"Imene ilipo. Mitengo ikuluikulu inatha, anthu anaotcha makala."

Mkuluyo nkhuku anaidya pang'ono, nati chifuwa chavuta. Koma Lolemba, Gedion atapita, anaitana mpongozi wake.

"Vala nsapato, mwana wanga. Undiperekeze ndikaone dzenje limenelo ndi maso anga."

Anakwera kombi, minibasi ya ku Silobela, natsika pa sitolo ina, n'kuyenda wapansi. Njira yonse inali zitsa. A Sandifolo ankaima pafupipafupi kuti apeze mpweya. Atafika, Dorah anagwidwa nthumanzi. Dzenjelo linali pagombe penipeni pa mtsinje wouma, kukamwa kwake kutatsika kuposa gombelo. Pamwamba pake panali mtengo wopingasa wokhala ndi chogwirira, umene amuna awiri ankapukusa pokweza ndowa ya miyala. Chingwe chomwecho ndicho chinkatsitsa ndi kukweza anthu.

A Praymore anali pansi pa tenti, atavala chipewa choyera, akumwa madzi a m'botolo ozizira.

"Aa, sekuru! Mwabwera kudzafuna ntchito?"

A Sandifolo sanaseke. Anazungulira dzenjelo, nasuzumira, natola dothi n'kulifikisa m'manja. Kenako anatsikira mumchenga wa mtsinje, nayang'ana kumtunda nthawi yaitali.

"Mwana wanga, ine za kutentha kwa dziko sindizidziwa. Koma nthaka ndimaidziwa. Dzenje ili ndi mtsuko. Madzi akadzabwera sadzafunsa njira."

"Madzi ake ati, sekuru? Onani kumwambaku."

"Kale mtsinje uwu unali ndi bango, m'mbalimu munali mitengo. Madzi ankabwera akuyenda. Lero mwadula zonse, nthaka yauma ngati simenti. Adzabwera akuthamanga. Tsekani kukamwa kuno, mukumbe kwina pamtunda apo."

"Mwezi wathunthu kukumba mwala wopanda kanthu? Golide ali apa." A Praymore anatembenukira kwa Dorah. "Ndinu amene mukusokoneza mkuluyu eti, amai? Gedion anandiuza kuti kunyumba kuli mneneri wa pa foni. Tamverani. Agogo athu anaona chilala, anaona madzi osefukira, kunalibe wonena kuti dziko likutentha. Mvula ndi ya Mulungu. Ophunzira enanso kunja uko amatsutsa zimenezi, ndili nawo mavidiyo ake mufoni muno. Amabungwe akungodyerapo."

"Nanga uthenga wochenjeza uja, anyamata anu munawauza?" anafunsa Dorah.

"Mafoni awo amasiya kwa ine akamalowa pansi. Pansi palibe netiweki, ndipo sindifuna munthu wogwira ntchito mtima uli m'mwamba."

Nthawi yomweyo ndowa inatulukira, Gedion ataimamo, thupi lonse lili dothi. Ataona bambo ake ndi mkazi wake, nkhope yake inagwa. Anzake anayamba kuseka.

"Gedion, amayi akubweretsera thewera!"

"Mwandichititsa manyazi," ananong'ona Gedion mano ali gwa. "Pitani kunyumba."

Mmodzi yekha ndiye sanaseke, bambo wamtali wotchedwa Tickey, amene ankapukusa chingwe. Anawatsatira pang'ono, nati chapansipansi, "Amai, lembani nambala yanga. Ine foni sindipereka, ndimaibisa m'sokosi."

Linali Lachinayi la sabata lotsatira. Dorah anali kumsika, akuwaza madzi pa masamba, pamene foni inalira. Anali Salome, mkulu wake, ku Lower Gweru. Mawu ake ankamveka movutikira chifukwa cha chiphokoso.

"Dorah! Ukundimva? Kuno kwagwa chimvula chimene sindinachionepo chibadwire! Chayamba mamawa, mpaka pano sichinakate. Khola lapita, mbuzi zapita. Mlatho wa kwathu kuno sukuonekanso!"

"Madziwo akulowera kuti, achemwali?"

"Akatsikira kuti ngati si konko ku Silobela? Bambo a Danai ali kuti?"

Dorah anasiya kuwaza madzi. Anayang'ana kumwamba. Ku Kwekwe kunalibe ngakhale kamtambo. Anaimba kwa a Praymore.

"Atulutseni! Chonde atulutseni, madzi akubwera!"

"Amai, kuno dzuwa likuswa mtengo. Ine ndili m'tauni, ndikugula dizilo. Musandiimbirenso."

Anaimba kwa Tickey. Foni inalira mpaka kuduka. Anaimbanso, osayankha. Anasiya masamba ali pomwepo, nathamangira kunyumba. A Sandifolo atangoona nkhope yake anatenga ndodo osafunsa.

Kombi inachedwa kudzaza. Dorah anapempha dalaivala, analira, mpaka mayi wina anati, "Tiyeni, driver, tidzaza m'njira." Njira yonse ankangoimba kwa Tickey. Ulendo wachisanu ndi chinayi, anayankha.

"Ndinali pachingwe, amai. Kwagwanji?"

"Ali pansi angati?"

"Anayi. Amuna anu, mnzathu Believe, ndi ena awiri."

"Akwezeni, a Tickey! Ku Lower Gweru madzi asefukira, akubwera mumtsinjemo!"

"Mumtsinje muno muli mbuzi zikudya, amai." Kenako anati, "Chabwino, ndikuwa. Koma ali kutali, kumapeto kwa ngalande. Ndipo mnzanga wapachingwe wapita kusitolo. Ndili ndekha."

Atatsika kombi, Dorah anasiya apongozi ake m'mbuyo, nathamanga pakati pa zitsa zija. Dzuwa linkamuotcha pamutu. Ali pafupi kufika anamva chinthu chimene poyamba anachiyesa lole yonyamula miyala. Koma phokosolo silinkadutsa, linkangokula. Mbalame zinauluka zonse nthawi imodzi. Kenako kunabwera fungo la dothi lonyowa, kumwamba kulibe mtambo.

Anapeza Tickey akupukusa yekha, misempha ya m'khosi itatuluka. Amuna awiri anali atatuluka kale, ndipo atamva phokosolo anathawira kumtunda osacheuka. Dorah anagwira mbali ina ya chopukusira.

"Ndani ali pachingwe?"

"Sindikudziwa! Pukusani!"

Madzi anatulukira pakona ya mtsinje. Sanali ngati madzi. Chinali chikhoma chofiirira, chitasenza mitengo, malata ndi ng'ombe yakufa miyendo ili m'mwamba. Mbuzi zimene zinali mumchenga zinangozimirira. Dorah anatseka maso napukusa. Khungu la m'manja mwake linasupuka koma sanamve.

"Basopa! Musasiye!" Anali a Sandifolo, atafika akukwawa ndi mawondo. Anaponya ndodo, nagwira chogwirira pambali pa mpongozi wawo, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale.

Madzi anakwera gombe, nayamba kuthira m'dzenje, poyamba ngati wina akukhuthula ndowa, kenako mbali zonse. Chingwe chinalemera kawiri. M'kati mwa madziwo munatulukira dzanja, kenako mutu. Tickey anasiya chopukusira, nagwira munthuyo kolala n'kumukokera kunja. Anali Gedion, akusanza matope.

"Believe!" anakuwa atangopeza mpweya. "Believe ali pansi! Anandikankhira m'ndowa, anati iwe uli ndi mwana, yamba ndiwe. Tsitsani chingwe!"

Anatsitsa. Madzi anali atafika m'mawondo. Anadikira kuti chingwe chigwedezeke. Gedion anagona chafufumimba pakamwa pa dzenje akuitana dzina la mnzake, mpaka gombe linayamba kugumuka pansi pa mapazi awo. Tickey ndi Dorah anamukoka ngati thumba. A Sandifolo anachita kuwanyamula.

Ali pamtunda anacheuka. Panalibenso dzenje, panalibe tenti. Panali madzi okhaokha akuzungulira pamalo amodzi, dzuwa likuwala pamwamba pake.

Mtembo wa Believe unapezeka patapita masiku anayi, apolisi ndi anthu a m'mudzi atapopa madzi. A Praymore foni yawo inali yozima kuyambira tsiku lomwelo. Ena ankati ali ku Shurugwi, atsegula dzenje lina.

Pamaliro, ku Amaveni komweko, Dorah anakhala ndi amayi anzake kuseri kwa nyumba, manja ake atakulungidwa mabandeji. Ankamva zimene anthu ankanong'onezana.

"Madzi kubwera kopanda mtambo? Si zachilengedwe zimenezo. Praymore anapereka mwana wa eni ake kuti golide achuluke."

"Ayi, ndi njuzu, mzimu wa m'madzi wa mumtsinjemo. Anakumba pakhomo pake."

"Anatichenjeza," anatero Dorah. "Uthenga unabwera pa foni ya aliyense wa ife. Mvula inagwa ku Lower Gweru, achemwali anga anaiona."

Amayi aja anamuyang'ana mwachisoni, ngati munthu amene mantha amusokoneza mutu. Mmodzi anamusisita paphewa. "Pepani, Mai Danai. Mwaona zoopsa." Kenako anabwerera ku nkhani ya njuzu.

A Sandifolo sanapite kumanda. Chichokereni kumtsinje kuja sanadzukenso pamphasa, ndipo ankalankhula mawu awiri n'kupuma.

Gedion anakhala sabata lathunthu osatuluka pakhomo. Madzi akangotuluka pampopi mwamphamvu ankadzidzimuka. Danai akamufunsa kanthu ankangomuyang'ana. Lamlungu masana, atabwera kutchalitchi, Dorah anamupeza atakhala kuseri kwa nyumba akumangirira tochi pachipewa.

"Mukuchita chiyani, bambo a Danai?"

"Tickey wapeza malo kwa munthu wina. Akufuna anthu awiri mawa."

"Dzenje?"

"Lili pamtunda pang'ono."

"Pang'ono." Dorah anakhala pansi, pafumbi pomwepo, ndi zovala zake za kutchalitchi. "Munaona ndi maso anu. Believe tamuika Lachiwiri. Akuti mvula ina ikubwera sabata lino. Kodi mpaka lero mukuti ndi bodza la azungu?"

Gedion anapitiriza kumanga. Mfundo inkamukanika.

"Dorah," anatero. Anali asanamutchule dzina lake chibadwire Danai. "Ukuganiza kuti ndine wakhungu? Ndinakulira kumunda kwa amalume. Ndikudziwa mmene mvula inkagwera. Chitsime cha kwa Salome ndinakumba ndine, ndinaona chikuuma. Tsiku lija unandikaniza jombo, uthengawo ndinali nditauwerenga kale, kawiri."

"Nanga bwanji munkandinyoza?"

"Ukanakhala iwe ukanatani? Munda sukubala. Fakitale anatseka. Chatsala ndi dzenje. Munthu sungalowe m'ndowa ija, n'kutsika mamita makumi atatu, uku mumtima ukuvomereza kuti madzi akhoza kubwera nthawi ina iliyonse. Miyendo imakana. Ndiye a Praymore akati ndi bodza, umagwira mawu amenewo ndi manja awiri. Tonse timatero. Believe yemwe ankatero. Tikakhala pansi paja timaseka za dziko lotentha kuti tisamve mantha."

"Ndiye mawa mukaseka ndi ndani?"

M'nyumba a Sandifolo anayamba kutsokomola, ndipo onse awiri anadikira kuti chifuwacho chithe. Chinatenga nthawi.

M'mawa mwake Dorah anamuperekeza kokwerera makombi. Sanakanganenso. Anamupatsa mpunga wa m'kabakuli ndi botolo la madzi, namuuza kuti foni asapereke kwa munthu aliyense, ngakhale atamuopseza kuti amuchotsa ntchito. Kumadzulo mitambo inali itaunjikana, yakuda pansi, yoyera pamwamba, ndipo mphepo inkanyamula mapepala mumsewu.

"Silobela! Silobela, mmodzi watsala!" anakuwa kondakitala.

Tickey anali kale m'kati, atamusungira malo. Gedion anaika phazi limodzi pachitseko. Kutali kunagunda bingu, lalitali, longa miyala ikugubuduka. Phazi lachiwiri linakana kunyamuka. Anaima choncho, dzanja lili pachitseko, thukuta likutsika m'khosi, anthu onse m'kombimo akumuyang'ana.

"Mukukwera kapena ayi, mudhara?"

Dorah anatsegula pakamwa kuti amuitane, koma anakumbukira kuti ufa watsala wa masiku awiri, ndipo mawu sanatuluke.

Gedion anaweramitsa mutu, nalowa. Chitseko chinatsekedwa. Dorah anaima pomwepo mpaka kombi inakhota, ikulunjika kumene kunali mitambo.